Achimwene obwerera ku Tsangano kuchokera ku Joni, musafike ngati banki

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalembazi, kuti mwakhala ku Joni zaka 9 mukugwira ya m'magadeni ndi yopenta, pano mwatopa mukufuna kubwerera kwanu cha ku Tsangano mvula isanayambe, madamu ndi ana anatsala kumudzi, muli ndi kangachepe munasunga nde mukufunsa kuti muyambire pati komanso ndi geni yanji ingagwire. Ambiri akuyankhani za geni, wina minibasi, wina chigayo, wina akuti njinga zamoto za kabaza. Ine za geni ndinena pomaliza dala, chifukwa anyamata ambiri omwe ndawaona akukweranso basi ya ku Joni chaka chisanathe sikuti anasankha geni yolakwika ayi, ndalama inatha asanaiyambe n'komwe.

Choyamba mitengo yomwe ili m'mutu mwanuyo ifafanizeni. Munachoka kulibe K5,000 ya pepala limodzi, inabwera mu 2022, ndipo pano mukaiphwanya pa golosale simudziwa komwe yalowera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, kenako ndi 44% mu November 2023, nde marandi anu mukasintha aoneka ambiri zedi, thumba kutupa, mutu n'kuyamba kukuuzani kuti ndinu bwana. Pitani kaye mukafunse thumba la simenti, lata limodzi, thumba la chitowe ndi la yureya, lita ya petulo, mukabwerako muwerengenso. Musasinthe zonse tsiku limodzi, ndipo osayenda nazo m'thumba njira ya ku Beitbridge, Nyamapanda mpaka Tete ija, mukuidziwa nokha mmene imadyera anthu. Tumizani zambiri pa Mukuru kapena ku banki mu akaunti ya dzina lanu, osati la achimwene anu, osati la alamu.

Pa nkhani ya abale ndi pomwe pagona mutu. Sabata yoyamba pakhomo padzadzaza, ena simunawaonepo chibadwire, aliyense takulandirani takulandirani kenako pang'onopang'ono nkhani ija imatuluka, fizi ya mwana wa Fomu 3, denga likudontha, ngongole ya ku banki m'khonde, wina katapila wamukhala pakhosi. Sindikunena kuti ndi anthu oipa, mavutowo ndi enieni ndipo ena mwa iwo ndi amene ankathamanga ndi mwana wanu kuchipatala usiku inu muli ku Randburg. Koma mukangopatsa awiri oyamba mmene apemphera, mbiri imafika mpaka ku Biriwiri dzuwa lisanalowe. Musanakwere basi patulani ndalama ya abale payokha, muidziwe kuti ndi yakuti, ikatha yatha. Mphatso zikhale zooneka ndi maso, shuga, sopo, chitenje cha apongozi, bulangeti la agogo poti kwanu kuja June ndi July kumazizira ngati mufiriji. Ndipo musauze munthu aliyense kuchuluka kwa zomwe mwabwera nazo. Mawu oti ndalama zina abwana sanandipatsebe amapulumutsa anthu ambiri, kaya ndi bodza kaya ndi zoona ameneyo ndi mlandu wanu ndi abusa.

Musanayambe kuyendera pa Lizulu kukamwa ndi anzanu akale, yendani maliro. Onse anamwalira inu kulibe, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, khalani pansi ndi mayi anu kapena malume akuwerengereni makomo, mupite khomo ndi khomo kukapepesa, kachipepeso kochepa m'manja, mukhale pamphasa olo mphindi makumi awiri. Kwa amfumu mukaonekerenso nokha, osadikira kuti amve kwa anthu. Izi anyamata amaziona ngati zachikale koma tsiku lomwe mudzakangane ndi munthu za malire a munda, bwalo lidzakumbuka ngati munabwera kudzalonjera kapena munkangodutsa ndi mahedifoni m'makutu.

Tsopano za kunyumba kwenikweniko. Mayi akunyumbawo akhala bambo ndi mayi zaka zonsezi. Ndi iwo amadziwa kuti chimanga chimatha mwezi uti, waganyu wokhulupirika ndi uti, mbuzi inagulitsidwa chifukwa chani, mwana uti amathawa kusukulu. Inu mukafika ndi mtima wa foromani, tsiku lachiwiri mwayamba kale kufunsa kuti ndalama ndinatumiza chaka chakuti ija inagwira chani, khola ili bwanji lili apa, mwayatsa moto womwe ankhoswe adzavutike nawo. Mafunso a ndalamawo alipo ndithu ndipo nyumba yomwe munkaiona pa WhatsApp mwina mukaipeza ndi yaing'ono kuposa ya pachithunzi, mwinanso pulasitala anangopaka mbali yojambulidwayo. Pumani kaye. Funsani patapita masabata, muli awiri, ana atagona, ndipo muyambe ndi kumva mmene zinthu zinkakwerera mitengo musanatulutse kabuku kanu ka marisiti. Ngati amene anadya ndalama ya nyumba ndi m'bale wanu, itanani malume, osakamugwira pakhosi pamsika.

Ana nawonso musadabwe. Wamng'ono uja munamusiya ali kumsana adzakuonani ngati mlendo, akafuna chilolezo azipita kwa mayi ake inu muli pompo, nsima azikadyera kukhitchini. Zimawawa, koma musazithetse ndi chikwapu kapena ndi foni yatsopano. Muperekezeni kusukulu, mutengeni popita kudimba, muzimutuma tinthu tating'ono, zimabwera zokha. Ndipo chizungu ndi Chizulu chija chepetsani pakhomo, ma eish ndi ma sharp sharp aja anthu amaseka mukatembenuka.

Funso lina lomwe simunafunse koma ndi lalikulu: nyumbayo ili pa malo a ndani? Kwathu kuno ambiri timakhala chikamwini, nde ngati munamanga kwa akazi anu dziwani kuti malowo ndi a mbumba ya kumeneko, zikadzavuta mudzatuluka ndi chikwama chokha. Sindikuti banja lanu litha, Mulungu aletse, koma ngati mukufuna kumanga sitolo kapena nyumba ya lendi gulani puloti pa tradingi senta, amfumu ndi mboni asayine, pepala musunge. Munda wanu wa kwanu ngati abale anaubwereketsa, musakaulande mbewu zili m'munda, nenani msanga kuti chaka chino mulima nokha anthu asanayambe kugalauza.

Malungo. Izi ndikunenetsa. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndipo thupi likakhala zaka osalumidwa ndi udzudzu wa malungo mphamvu ija tinakula nayo imachepa, nde munthu wobwera kumene akadwala amadwala ngati mwana wakhanda. Ku Tsangano n'kokwera, udzudzu ndi wochepa, koma mukangotsikira ku Bwanje, ku Sharpevale kapena ku Golomoti kukaona abale mwalowa m'dera lake. Gonani mu neti kuyambira tsiku loyamba, ndipo mukamva kuphwanya m'thupi ndi mutu musati ndi kutopa kwa ulendo kapena kuti akulodzani chifukwa mwabwera ndi katundu, pitani akakuyezeni tsiku lomwelo, mankhwala a malungo a LA alipo m'zipatala zaboma. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani kalata ya transifa ku kiliniki yanu komweko ndi mankhwala okwanira mwezi kapena iwiri. Madzi a pachitsime masabata oyamba thirani WaterGuard kapena wiritsani, m'mimba mwanu munazolowera a pampopi.

Za mapepala mwachidule. Chiphaso cha unzika chinayamba mu 2017, ngati munali mutapita kale pitani ku ofesi ya NRB, bungwe lopereka ziphasozi, pa boma pa Ntcheu, popanda chimenecho simulembetsa simu ya TNM kapena Airtel, Mpamba ndi Airtel Money osatheka, ku banki ndi pa mndandanda wa fetereza wotsika mtengo chimodzimodzi. Katundu ngati mukutumiza ndi matransipota mujambuleni yense, lembani mndandanda, mugwirizane poyera kuti za MRA pa boda ya Dedza kapena Mwanza alipira ndani, chifukwa mkangano umayambira pamenepo. Ndipo ngati munkagwira ntchito ndi mapepala, abwana n'kumakudulani UIF (inshuwaransi ya ku Joni yothandiza munthu ntchito ikatha) kapena provident fund (ndalama zosungira mukadzasiya ntchito), zitsateni muli konko, kuzilondola muli ku Ntcheu n'kovuta zedi.

Nde geni ija. Minibasi ine ayi, mafuta amasowa, masipeya akwera, ndipo dalaivala ndi kondakitala adzalemera inu musanabweze theka. Kabaza ngati mukwera nokha bho, koma kupatsa mnyamata kuti azikubweretserani madzulo ndi kumugulira njinga mwaulere. Inu muli ndi luso kale m'manja, kupenta kwa ku Joni n'kwaudongo kuposa kwa ambiri kuno ndipo anthu akumanga pa boma, pa Lizulu, ku Dedza mpaka ku Lilongwe. Bweretsani marola, mabulashi abwino ndi kompresa ngati muli nayo, zithunzi za nyumba munapenta zikhale mufoni, imeneyi sifuna mpamba waukulu ndipo izikupatsani ya ndiwo ndalama yaikulu ija ili phee.

Kachewere ndi kabichi ndi zomwe kwanu kumadziwika nazo, ndipo ndalama zilimo, koma chaka choyamba limani pang'ono, theka la ekala basi, pambali pa chimanga ndi nyemba zakudya. Kachewere amadya fetereza, amafuna kupopera Dithane pafupipafupi nthawi ya mvula apo ayi chiwawu chimamaliza munda wonse sabata imodzi, ndipo aliyense akakumba nthawi imodzi mavenda a ku Blantyre ndi Lilongwe amatchula okha mtengo, thumba lake losokerera pamwamba lija lotalika ngati munthu. Amene amapindula ndi a kudimba okolola ena alibe. Musanagule mbewu pitani pa Tsangano Turn Off ndi pa Lizulu masiku amsika angapo, m'mawa kwambiri magalimoto akamapakira, mutavala zakumunda osati jekete lachikopa la ku Joni lija, muzingomvetsera mitengo ndi kufunsa alimi kuti mbewu anagula kwa ndani.