Dalaiva wa hard disk akuyenda pa QEMU koma akuuma pa kompyuta yeniyeni

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi, chifukwa si la mizere iwiri. Mwati mukudzilembera ka operating system kanukanu, dalaiva (khodi yolankhula ndi chipangizo) wa disiki ya IDE, njira yakale yolumikizira disiki, mwamulemba kale, ndipo pa QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta ija, akuwerenga ma sector (tizigawo ta disiki) popanda chovuta. Koma mutamuyesa pa desktop yanu yakale makina amangouma mukatumiza IDENTIFY, lamulo lofunsa disiki kuti idzifotokoze, ndipo pa kompyuta ya mnzanu akubweretsa ziro zokhazokha. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungoitaya IDE n'kuyamba AHCI, njira yatsopano yolankhulira ndi ma disiki a SATA.

Musasamuke kaye. Chimene chakugwetsani pa IDE chikakugwetsaninso pa AHCI, ndipo kumeneko n'kovuta kuona pamene mwapunthwa. QEMU yakulerani moipa. Disiki yake ndi fayilo chabe, mukafunsa imayankha musanatseke n'komwe pakamwa, ndiye dalaiva wosadziwa kudikira amaoneka ngati wolondola. Disiki yeniyeni ili ndi mbale zozungulira ndi kamutu koyenera kusuntha. Yozungulira maulendo 7200 pa mphindi imatenga mamilisekondi opitirira pang'ono 8 kuti izungulire kamodzi, ndipo m'nthawi imeneyo CPU yanu yachita kale malamulo mamiliyoni. Gawo lalikulu la dalaiva wa disiki ndi kudikira, kudziwa chimene mukudikira, ndi kudziwa nthawi yosiya kudikira.

Tiyambe ndi kuuma kuja. Ndikuganiza kuti muli ndi loop yowerenga port ya status, 0x1F7, mpaka bit ya BSY, ya 0x80 ija yosonyeza kuti disiki yatanganidwa, itazima. Musanalowe mu loop imeneyo, lembani pa sikirini nambala imene port ikubweza. Ndikukayikira kwambiri kuti muona 0xFF. Pa port pakakhala palibe choyankha, ma bit onse amaoneka oyaka, BSY nayonso ili momwemo, ndiye inu mukudikira munthu amene sali m'nyumbamo kuti amalize kusamba. Mudzadikira mpaka kalekale. Zimenezi zimachitika BIOS ikaika SATA pa AHCI, chifukwa pamenepo ma port akale a 0x1F0 mpaka 0x1F7 sagwira ntchito. Lowani mu BIOS, pezani pamene palembedwa za SATA, musinthe kupita pa IDE, kwina amalemba Legacy kapena Compatible. QEMU simunakumane nazo izi chifukwa makina ake a masiku onse amayerekeza i440FX yokhala ndi PIIX3, controller ya IDE ya Intel ya zaka za m'ma 1990. Mukaiyatsa ndi -machine q35 imakupatsani ICH9 ya AHCI, ndipo dalaiva wanu auma chimodzimodzi muli pa tebulo panu pomwepo. Yesani, muone ndi maso anu.

Njira yolongosoka ndi kusayerekeza n'komwe kuti controller ili pati. Ifunseni PCI kudzera pa 0xCF8 ndi 0xCFC. Chipangizo cha class 0x01 subclass 0x01 ndi IDE, pamene subclass 0x06 ndi SATA ya AHCI. Ngakhale mutapeza IDE, yang'anani byte ya prog IF. Bit 0 ikayaka ndiye kuti channel yoyamba ili mu native mode ndipo ma port ake muwawerenge mu BAR0 ndi BAR1 (ma register a PCI osunga maadiresi a chipangizo), osati 0x1F0 ndi 0x3F6. Bit 2 ikunena zomwezo za channel yachiwiri, imene pachikale imakhala pa 0x170 ndi 0x376.

Pali njira ina youmira imene inandidyera sabata yathunthu ndikuyamba. Chingwe chimodzi cha IDE chimanyamula zipangizo ziwiri, ndipo pa makompyuta akale china chimakhala cha CD. Chipangizo cha CD mukachitumizira 0xEC, lamulo la IDENTIFY lija, chimakana, chimayatsa bit ya cholakwa ya ERR, ndipo DRQ, bit yosonyeza kuti deta yakonzeka, siidzayaka. Ngati loop yanu ikudikira DRQ yokha, basi mwakhala. BSY ikazima werengani 0x1F4 ndi 0x1F5. Mukapeza 0x14 ndi 0xEB, chimenecho ndi cha ATAPI, mtundu wa zipangizo ngati za CD, lamulo lake lodzifotokozera ndi 0xA1, ndipo pakadali pano ingochidumphani. Loop iliyonse yodikira iziyang'ana ERR ndi DF (bit ya vuto la chipangizo) pamodzi ndi DRQ, komanso ikhale ndi malire a nthawi. Ngati mulibe timer, werengani maulendo, akakwana mamiliyoni angapo tulukani n'kulemba status pa sikirini. Dalaiva amene walephera n'kunena chifukwa chake ndi wothandiza kuposa wongoti zii.

Tsopano ziro zija. Pamenepo disiki ilipo, koma mukutunga madzi chitsime chisanadzaze. Mukalemba 0xA0 kapena 0xB0 pa 0x1F6 posankha disiki, kapena mukangotumiza lamulo pa 0x1F7, disiki ili ndi ufulu wotenga ma nanosekondi 400 isanaike status yoona. Mukawerenga msanga mumaona status yakale, BSY yozima, mwina ya chipangizo chinacho, n'kuyamba kukoka deta pa 0x1F0 mulibe kanthu. Anthu amachita chonchi: amawerenga 0x3F6 kangapo n'kutaya zimene apeza, kenako n'kukhulupirira yomaliza. Akale ankati kanayi n'kokwanira, ine ndimawerenga kokwana 15 chifukwa sizindidyera kanthu. Chifukwa chowerengera 0x3F6 osati 0x1F7 n'chakuti kuwerenga 0x1F7 kumauza disiki kuti interrupt mwailandira, pamene 0x3F6 imakuonetsani zomwezo popanda kukhudza chilichonse. Ndipo kumbukirani kuti BSY ikakhala yoyaka, ma bit ena onse alibe tanthauzo. Dikirani BSY izime, kenako muone DRQ, ndondomeko yake ndi imeneyo. Mukawerenga ma sector angapo ndi lamulo lowerengera la 0x20, kudikira kumeneku kumachitika pa sector iliyonse, osati kamodzi kokha poyamba. Sector iliyonse ndi ma word 256 a ma bit 16. Mukagwiritsa inb m'malo mwa inw mutaya theka la deta, ndipo disiki ikhala ikudikirabe kuti mumalize kutenga.

IDENTIFY ikayenda, dzina la disiki lili pa word 27 mpaka 46, ndipo musadabwe likatuluka lopindika. Pa QEMU muona EQUMH RADDSI K m'malo mwa QEMU HARDDISK, chifukwa zilembo ziwiri za mu word iliyonse n'zotembenuzidwa. Ine ndinkaganiza kuti khodi yanga yawonongeka, kuteroko ndi mmene zinakhalira kuyambira kale. Word 60 ndi 61 zikupatsani kuchuluka kwa ma sector a LBA28 (LBA ndi kutchula sector ndi nambala imodzi, apa ya ma bit 28), amene amathera pa 128 GiB, kapena kuti pafupifupi 137 GB mmene amawerengera ogulitsa. Disiki ikaposa pamenepo yang'anani bit 10 ya word 83, ikayaka LBA48 ilipo, kukula kwake kuli pa word 100 mpaka 103, ndipo lamulo lowerengera ndi 0x24. Mayeso oyamba abwino ndi kuwerenga sector 0 n'kuona ngati ma byte awiri omaliza ali 0x55 ndi 0xAA. Musaiwale kuti powerenga ndi LBA, pa 0x1F6 mumalemba 0xE0 pamodzi ndi ma bit anayi apamwamba a LBA. Mukasiya 0xA0, disiki imamva nambala zanu ngati cylinder, head ndi sector, n'kukubweretserani malo ena kapena kukana.

Mwina mukudabwa kuti zinthuzi n'zokhotakhota chonchi bwanji. Ma register amenewa ndi cholowa cha controller ya Western Digital imene inali mu IBM PC/AT ya 1984. Cha m'ma 1986 Western Digital, Compaq ndi Control Data anasamutsa controller kuichotsa pa khadi n'kuiika pa disiki penipeni, koma ma register anawasiya momwemo kuti BIOS yakale isazindikire kuti chasintha chilipo. Zonse zobwera pambuyo, LBA, ATAPI, DMA, anangozipachika pa msomali womwewo. Linus Torvalds polengeza Linux mu 1991 ananena kuti mwina siidzagwira ntchito ndi disiki ina kupatula ya AT, poti ndi yokhayo imene anali nayo. Ndiye pamene mwaima inupo ndi pamene anayambira enawo.

Za kulemba pa disiki ndikuchenjezeni ngati m'bale. Musayese lamulo lolembera la 0x30 pa disiki imene muli chinthu chimene mukuchifuna. Ine ndinalakwitsa posuntha ma bit a LBA, nambala yonse inasanduka ziro, ndipo ndinalemba zinyalala zanga pa sector 0 ya disiki imene munali zithunzi za ukwati wa msuweni wanga. Mwayi wake ndinawononga partition table yokha ndipo TestDisk inaibweza, koma usiku umenewo nsima sinalowe. Pezani disiki yakale yopanda ntchito, zina zonse muzizule. Polemba, dikirani DRQ musanatumize deta, ndipo mukamaliza tumizani 0xE7 kuti disiki itsitse zimene yasunga mu cache yake n'kuziika pa mbale. Ikanena kuti yamaliza kulemba, nthawi zambiri imatanthauza kuti yangolandira. Ndi mmene magetsi amathimira kwathu kuno, mukanyalanyaza 0xE7 filesystem yanu idzawonongeka ndipo mudzakhala mukusaka cholakwa mu khodi ya filesystem chonsecho mulibe.

Ma interrupt muwasiye kaye. Lembani 0x02 pa 0x3F6 kuti disiki isamawatumize, muzingofunsa status mpaka zonse zitakhazikika. Mukadzawayatsa, IRQ 14 ndi 15 zili pa PIC (chip yolandira ma interrupt) yachiwiri, ndiye IRQ 2 pa yoyamba ikhale yotsegula, ndipo EOI, uthenga wakuti interrupt mwathana nayo, muzitumiza kwa onse awiri, pa ma port 0xA0 ndi 0x20. Ambiri amatumiza kumodzi, interrupt imabwera kamodzi kokha basi osabweranso.

Pambuyo pake pamabwera DMA, pamene controller imasamutsa yokha deta pakati pa disiki ndi memory, ndipo apa ndi pamene mumayamba kulemba dalaiva wa controller yeniyeniyo, chifukwa mu PIO, njira yokoka deta pa port imene mukugwiritsa panopa, mumakhala mukulankhula ndi disiki, controller ikungodutsitsa mawu. Ma register a bus master ali pa BAR4. Mumakonza tebulo la PRD louza controller malo a deta mu memory, mzere uliwonse ma byte 8: adiresi, kukula, ndi bit yosonyeza kuti mzerewu ndi womaliza. Adiresi imeneyo ndi physical. Controller siidziwa za paging yanu, mukaipatsa virtual ilemba pamene yauzidwa, ngakhale pakhale pa kernel yanu. Buffer isadutse malire a 64 KiB, ndipo bit 2 ya command register ya PCI iyatsidwe, apo ayi controller ilibe chilolezo chokhudza memory. Pa BIOS ina mumaipeza yoyaka kale, pa ina ayi, n'chifukwa chake khodi yomweyo imayenda pa kompyuta iyi n'kukana pa inayo. Komanso si controller iliyonse imene imachita zimene zinalembedwa m'buku lake. CMD640 ya zaka za m'ma 1990 inkawononga deta ma channel onse awiri akamagwira ntchito nthawi imodzi, RZ1000 nayo inali ndi vuto lake lowononga deta, ndipo Linux inachita kulemba khodi yapadera yozizemba. Mukatsegula drivers/ata mu Linux muona mafayilo ambirimbiri oyamba ndi pata_, iliyonse ya controller yake ndi makhalidwe ake. Powerenga ndi pabwino, koma ndi GPL, ndiye musakopere ngati OS yanu ili ndi laisensi ina. Chaching'ono chowerengeka madzulo amodzi ndi ide.c ya xv6 ya ku MIT, ya x86 ija, ngakhale nayonso inalembedwa poganizira QEMU ndipo simungaidalire pa makina enieni. Dalaiva wakale wa IDE mu Linux anachotsedwa mu 5.14 chaka cha 2021, ndiye mukaona maphunziro otchula drivers/ide dziwani kuti ndi akale.

AHCI mudzafika, ndipo muyenera kufika, chifukwa makompyuta atsopano alibenso posinthira kupita pa IDE. Koma onani zimene imafuna musanawerenge byte imodzi yomwe: PCI yoyenda, BAR5 yoikidwa mu memory popanda cache, command list yokhala pa malire a 1 KiB, malo olandirira FIS (timapaketi ta mauthenga a SATA) pa malire a ma byte 256, kuimitsa port musanaikonze n'kudikira kuti yaimadi, ndiponso DMA kuyambira tsiku loyamba. Mkati mwa FIS ya mtundu wa 0x27 mukaikamo malamulo omwewa a ATA, 0xEC yemweyu, ndipo yankho lake ndi ma word 256 omwewa. Zimene mukuphunzira panopa mupita nazo. Cholakwa pa PIO chimaoneka pa status, pamene pa AHCI chimaoneka ngati memory yowonongeka penapake patapita mphindi zisanu.

Ndiye chitani izi madzulo ano: pa desktop yanu ija lembani pa sikirini nambala ya 0x1F7 musanatumize chilichonse, kenako ya 0x1F7, 0x1F4 ndi 0x1F5 mutatumiza IDENTIFY n'kudikira. Yatsaninso makinawo ndi Linux ya pa flash, mulembe lspci -nn, mujambule mzere wa IDE kapena SATA. Muziponye pano pamodzi ndi loop yanu yodikira, tione limodzi.