Bwanji osangothiramo ana a salmon ambirimbiri?

FUNSO: Akulu, ine ndili kuno ku Cardiff ku Wales, ku UK, mzungu wina yemwe ndimagwira naye ntchito amakonda kuwedza, nde tsiku lina amadandaula kuti salmon ikutha koma akuluakulu akuno anasiya kuthira m'mitsinje ana a nsomba oswetsedwa m'mathanki. Zinandizunguza mutu, nsomba zachepa, osangowonjezera bwanji? – Wowerenga, Cardiff

YANKHO: Mnzanuyo sakunama, a Natural Resources Wales, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe ku Wales, anagamula zimenezo mu 2014, ndipo ine ndikuti anaganiza bwino.

Kasalmon kokulira muthanki kamazolowera fidi wogwa kuchokera kumwamba, nde kamangoyandama pamwamba kudikira, pomwe kanzake kobadwira mumtsinje kakangoona chithunzithunzi pamadzi kalowa kale pansi pa mwala, kakudziwa kuti imeneyo ndi mbalame. Zambiri zamuthanki sizipulumuka, zina zimathera m'mimba mwa mbalame basi. Koma vuto lenileni ndi zopulumukazo, chifukwa salmon ikakulira kunyanja yamchere imabwerera kudzaikira mazira mumtsinje womwe inachokera, nde mtsinje uliwonse uli ndi mtundu wakewake wozolowera madzi akewo, zamuthanki zija zikaswana ndi zimenezi mtundu umasukuluka, ana ake amatuluka ofooka.

Mufunsa kuti amadziwa bwanji? Asanazitaye mumtsinje amazidula kachipsepse kakang'ono kapamsana kufupi ndi mchira, ikabwera yopanda kachipsepseko ndiye kuti njamuthanki. Pano amayezanso DNA mpaka kudziwa kholo lake. Ku Hood River ku Oregon, ku America, anatsata choncho steelhead, m'bale wake wa salmon, ndipo mu 2007 analengeza kuti m'badwo uliwonse wokulira muthanki mphamvu yobereka kumtsinje imatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Ku Connecticut River, ku America komweko, anathira ana a salmon mamiliyoni kuyambira 1967, mu 2012 boma la America linatopa nazo, zobwerera zinali zowerengeka. Norway nde inalira, ana oitanitsa kunja m'ma 1970 anabwera ndi kachilombo ka Gyrodactylus salaris, mitsinje ina mpaka anachita kuthiramo mankhwala a rotenone kupha nsomba zonse kuti ayambirenso.

Thanki imathandiza pokhapokha mtundu ukatsala pang'ono kutheratu, kusungako mbewu.

Mwa njira, mnzanuyo mumuuze kuti mpasa wathu azungu amautcha "lake salmon". Palibe chibale ayi, kungoti nawonso umakwera Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pa timiyala, timiyala tomwe matope ochokera m'minda ya m'mphepete mwa mtsinje akutikwirira.