Corolla yanuyo musathamangire kuigulitsa, iyezetseni kaye

Achimwene, funso lanu ndaliona, mwati Corolla yanu ya 1998 yayamba kutentha mukamachokera ku Tete kukwera kuno ku Angónia, madzi mu rediyeta akumatha osaoneka pomwe akudonthera, kumbuyo kukutuluka utsi woyera, ndiye makaniko wina wakuuzani kuti injini yatha ingogulitsani mugule ina. Ine ndikuti dikirani kaye. Makanikoyo anayeza chani? Kapena anangoimva kulira kwake nkugamula mlandu?

Zomwe mwafotokozazo zikuloza ku gasiketi ya hedi, ija imakhala pakati pa buloko (thupi la injini) ndi hedi (mutu wake) kuti madzi, oyilo ndi mpweya zisasakanikirane. Ikapsa madzi amalowa mu silinda nkumatuluka ngati nthunzi, utsi woyera uja ndi umenewo. Mawa mmawa musanalize tsegulani chotsekera cha oyilo, sololaninso dipisitiki, mukapeza oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowamo kale ndipo chonde galimotoyo isayendenso mpaka ikonzedwe, oyilo wosakanikirana ndi madzi amapha ma bering'i msanga kwambiri. Kenako tsegulani rediyeta idakali yozizira (ikatentha ayi, mupsa nkhope), lizani injini muone ngati madziwo akuchita thovu losalekeza. Utsi ukanakhala wa buluu tikanati ikudya oyilo, mwina ma ring'i, wakuda ndi mafuta ochuluka, koma zimenezo ndi nkhani zina.

Mukatero pezani ofisina yomwe ili ndi geji yoyezera kompulesheni, ayeze ma silinda onse anayi inu muli pompo. Ntchito yake siyotenga tsiku. Awiri oyandikana akatsika pamodzi nthawi zambiri ndi gasiketi basi. Corolla zambiri za chaka chimenecho zochokera ku Japan zili ndi injini ya 5A-FE, buloko yake ndi yachitsulo koma hedi ndi ya aluminiyamu, ndiye ikatenthedwa hediyo imapindika. Apa ndi pomwe anthu amataya ndalama kawiri, amangoika gasiketi yatsopano pa hedi yopindika, pakapita kanthawi yapsanso ndiye ayamba kunena kuti injini ndi yakufa. Hedi ichotsedwe ipite ku Tete kwa a makina, aione ngati ilibe mng'alu, aipale ikhale yosalala, ndiyeno ibwerere ndi gasiketi yabwino osati zotchipa zija, ndipo mabawuti amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu motsata ndondomeko yake, osati kungokoka ndi paipi. Poti atsegula kale sinthiranitu lamba wa tayiming'i ndi pampu ya madzi, lambayo amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000 ndipo ndikukayika ngati mukudziwa kuti anasinthidwa liti.

Komanso gasiketi siimangopsa yokha, chilipo chinaitenthetsa. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye muchoke kumeneko mudutse Moatize, mukhote pa Mussacama nkuyamba zitunda mutadzaza anthu ndi katundu, rediyeta yotsekeka singapirire zimenezo. Ambirife timangothira madzi a pa mjigo, amachititsa dzimbiri nkutseka timipata ta rediyeta pang'onopang'ono. Ena amachotsa themositati, kavalavu kotsegulira madzi opita ku rediyeta injini ikatentha, ati kuti isamatenthe, kumeneko nkubisa matenda. Onani fani ngati ikuzungulira, chotsekera cha rediyeta, mapaipi, muthire kulanti (madzi a mankhwala a mu rediyeta). Mukasiya zimenezi ngakhale mugule galimoto ina idzafa imfa yomweyo.

Tsono ngati pansi pa injini pakugogoda, kapena nyale ya oyilo ikumayaka injini ikatentha, nkhani yasintha, ndiye kuti ma bering'i ndi kirankishafuti zakhudzidwa. Kumeneko muwerengere bwino, kugaya kiranki, kubowola buloko, ma pisitoni, ma ring'i, ntchito ya makaniko, ma meticais ake amatha kufanana ndi injini yathunthu yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Japan, ndipo ine pamenepo ndimasankha kusintha injini. Koma musagule yongoiona ili pansi, aiyeze kapena mugwirizane polemba kuti ikavuta mubweza. Ndipo mapepala musawaiwale, nambala ya injini imalembedwa mu livrete (chikalata cha galimoto) ndiye mukasintha mukafunse ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto, kuti zikonzedwe. Mukakaigula ku Malawi kudzera pa Calómuè kapena pa Zóbuè, idutse pa alfândega (kasitomu) mwalamulo musunge malisiti onse, zolowetsa njira zachidule zija mudzazilirira tsiku lomwe mudzafune kugulitsa.

Zogula ina nzokoma kunena pa gulupu pano. Yanuyo mukaigulitsa ikufuka utsi ogula adzakupatsani mtengo wa zitsulo, iwo akaika gasiketi nkumaiyendetsa inu mukuona. Yoitanitsa ku Japan mtengo mumauona pa intaneti uja ndi chiyambi chabe, pali sitima, msonkho wa kasitomu, msonkho wa IVA wa 16%, wokuyendetserani mapepala, kuibweretsa kuchokera ku doko, zonsezo zimatsata dola. Yogula kwa munthu konkuno simudziwa chomwe akuigulitsira. Komanso zambiri zatsopanozi zili ndi giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT ndi masensa ambirimbiri, ikakufelani ku Dómuè kapena ku Furancungo mudzasowa woigwira mpaka mutaikokera kwa a kompyuta, pomwe Corolla yakaleyo makaniko aliyense wa pa Ulongué amaidziwa ndipo masipeya ake savuta.

Pomwe ndingakuuzeni kuti igulitseni ndi apa, lowani pansi ndi tochi muone. Ngati bodi yadyeka ndi dzimbiri pomwe pamagwira ma shoko, kapena inachitapo ngozi nkupindika moti ikumadya matayala mbali imodzi, giyabokosi nayo ikuzembazemba, ndiye injini yabwino siithandiza kanthu, mwezi uno mukonza ichi mwezi wamawa icho. Chinanso simunatiuze ntchito yomwe mumaigwiritsa. Ngati ndi yoyendera ndi banja ikonzeni. Koma ngati mukumaisenzetsa matumba a mbatatesi kuchokera ku Tsangano nthawi ya dzinja, vuto si injini, galimotoyo siya ntchito imeneyo, ikonzeni gasiketiyo kuti igulike bwino muwonjezere ndalama mufune Hilux, olo yakale.