Red Dawn ija ya ku vidiyo sho: kodi tichite nayo manyazi?

Bambo wina amene anakulira ku Mpondasi kuno ku Mangochi, koma pano akugwira ntchito ku Lilongwe, wanditumizira imelo yodandaula. Akuti ali mnyamata ankaikonda kwabasi filimu ya Red Dawn, moti ankaba matambala a mchere kuti akaionere ku vidiyo sho. Posachedwapa anaipeza pa intaneti n'kuitana mwana wawo wa ku yunivesite kuti aonere limodzi. Mnyamatayo anangoseka, amvekere ndi bodza la America lofuna kudanitsa anthu ndi Russia. Funso lawo ndi ili: "Kodi mwanayu akunena zoona? Ngati ndi choncho, bwanji mtima wanga ukuikondabe?"

Achimwene, mwanayo sananame. Koma waona mbali imodzi yokha.

Tiyambe ndi mbali yakeyo. Filimuyi inatuluka mu Ogasiti 1984, ndipo anaitsogolera ndi John Milius, munthu amene sankabisa kuti amakonda mfuti komanso amadana ndi chikomyunizimu. Nthawi imeneyo Ronald Reagan ndiye anali pulezidenti wa America, asilikali a Soviet Union anali ku Afghanistan kuyambira mu Disembala 1979, a Cuba anali ku Angola, ndipo chaka chomwecho cha 1984 a Soviet anakana kupita ku masewera a Olympics ku Los Angeles. Anthu a ku America ankagona ndi mantha, filimuyi n'kubwera kudzakolezera manthawo. Asilikali a Soviet, Cuba ndi Nicaragua akutera ndi maparachuti m'tauni yongopeka ya Calumet ku Colorado, akuombera ana asukulu, akutsekera abambo mumpanda wa waya. Nkhondo yotereyi sinachitikepo. Choseketsa n'chakuti ambiri a ife tinadzaionera m'ma 1990, Soviet Union itatha kale mu Disembala 1991. Tinkakuwizira mdani amene kunalibenso.

Koma kodi ife tinkadziwa za Reagan? Kumbukirani mmene zinkakhalira. TVM, wailesi ya kanema ya boma, inayamba mu 1999, ndiye zonse zisanafike apo kanema wathu anali kachipinda ka kuseri kwa msika. Panja bolodi lolembedwa ndi choko, dzina la filimu lolakwika zilembo, sipika yoyang'ana kumsewu kuti kulira kwa mfuti kuitane makasitomala. Pakhomo chinsalu chokhuthala, mkati mdima, mabenchi ogwedera, fungo la thukuta losakanikirana ndi la usipa, chifukwa ena ankachokera ku dooko osasamba. Kutentha kwa Mangochi mu Okutobala mukukudziwa. Tepi ikafika pamene inatafunidwa ndi deki, chithunzi chinkachita mizeremizere, anthu n'kuyamba kukuwa kuti abweze ndalama. Chingerezi cha anyamata aja sitinkachimva. Ankatimasulira ndi mkulu wina wa pabenchi yakumbuyo amene anali ataionera kambirimbiri, ndipo theka la zimene ankanena zinali zake.

Chimene tinkamva bwinobwino popanda womasulira ndi chithunzi choyamba chija. Mphunzitsi ali pa bolodi akufotokoza za nkhondo za a Mongol, ana akusinza, kenako pawindo pakuoneka anthu akutsika kuchokera kumwamba. Mphunzitsiyo akutuluka mwaulemu kukafunsa chimene chachitika, n'kumuombera pomwepo. Anyamata akuthawira kumapiri pa galimoto ya Jed, yemwe ndi Patrick Swayze, pamodzi ndi mng'ono wake Matt, yemwe ndi Charlie Sheen. Akudzitcha ma Wolverines, dzina la timu ya pasukulu pawo, lochokera ku kanyama kolusa ngati chiuli. Mwana aliyense wa pabenchi paja ankadziona yekha. Sanali Rambo wa minofu ngati Sylvester Stallone, anali ana asukulu, amantha, olira, osadziwa n'komwe kugwira mfuti yankhondo. Tikatuluka tinkasema mifuti ya mapesi n'kukabisala m'tchire. Simunakonde boma la America inu, achimwene. Munakonda ana amene anakana kulandidwa mudzi.

Tsono pali china chimene ndikuganiza kuti nonse awiri, inu ndi mwana wanu, simunachione. Inu munakumbukira zipolopolo, iye anaona mbendera. Koma theka lachiwiri la filimuyi ndi lozizira zedi. Pa achinyamata asanu ndi atatu, anyamata asanu ndi mmodzi ndi atsikana awiri, amene akufika kumalo otetezeka ndi awiri okha. Daryl, mwana wa meya, akugwidwa n'kumezetsedwa kachipangizo kolondolera adani, ndipo mnzake Robert akumuombera maso ali gwa. Pomwepo Matt akufunsa mkulu wake kuti kusiyana kwawo ndi adaniwo kuli pati, Jed n'kuyankha kuti iwo kwawo ndi konkuno. Yankho lake ndi lalifupi choncho, ndipo nkhope yake ikuonetsa kuti silikumukwanira ngakhale iye mwini. Palinso Colonel Bella wa ku Cuba, amene kale ankamenya nkhondo ya m'tchire kumbali ya anthu olandidwa dziko, lero wapezeka ndiye wolanda. Kumapeto akuona Jed atanyamula mng'ono wake wovulala, akukweza mfuti, kenako n'kuitsitsa. Ku vidiyo sho tinkati mkuluyu ndi wopepera. Muonereninso pano muli ndi imvi.

Nkhani ya "kwathu ndi konkuno" ndi yoterera, aliyense amaitola. Asilikali a America atapita kukagwira Saddam Hussein ku Iraq pa 13 Disembala 2003, ntchitoyo anaitcha Operation Red Dawn, malo awiri okafufuzawo n'kuwatcha Wolverine 1 ndi Wolverine 2. Taganizani: iwo ndi amene analowa m'dziko la eni, koma m'mutu mwawo anali adakali ana aja a kumapiri. Apa mwana wanu akhoza kuseka ndithu, ndipo ine ndingaseke naye.

Ife a ku Mangochi sitifunika kubwereka nkhani yotere ku Colorado. Boma lathuli linkatchedwa Fort Johnston, ndipo linayamba ngati linga la nkhondo mu 1891, pamene Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anabwera ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India kudzagonjetsa mafumu achiyao: Mponda, Makanjira ndi Jalasi. Anthu a Makanjira anapha Captain Cecil Maguire mu Disembala 1891. Jalasi anabweza adani mu 1892, ndipo phiri lake linagwa mu 1895. Mabwinja a Fort Mangochi alipo mpaka lero m'mapiri a cha ku Namwera. Koma tisanayambe kuimba nthungululu, mafumu omwewa ankagulitsa akapolo, ndipo kwa Amang'anja amene anawapeza m'mbali mwa nyanja, obwera ndi mfuti anali iwowo. Ndani Wolverine pamenepa? Nkhani zenizeni sizigawa anthu bwinobwino ngati filimu.

Ndiye pali za mu Febuluwale 1965, pamene Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake, poukira boma la Kamuzu, anatuluka m'tchire, n'kulanda Fort Johnston usiku, n'kukakanika pa pantoni ya Liwonde. Midzi inalipira mtengo wowawa, ndipo Medson Silombela ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Agogo ambiri kuno nkhani imeneyi ankainong'ona, ena mpaka lero safuna kuitchula. Komanso nthawi yomwe ife tinkaombera m'manja ku vidiyo sho, m'Malawi munali anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ena a iwo atalowera m'malire athu omwewa a Chiponde ndi Makanjira. N'kutheka kuti pabenchi pomwe munakhala panali mnyamata amene anaonadi mudzi wake ukupsa. Sindikhulupirira kuti iye ankakuwa nawo.

Choncho manyazi ayi. Filimu imene inakusangalatsani muli ndi zaka khumi siyifunika kupambana mayeso a ku yunivesite. Ingovomerezani kwa mwanayo kuti zandale zake waziona bwino, kenako mumupemphe muonerenso limodzi kuyambira pamene chisanu chayamba kugwa kumapiri kuja, osagwira foni. Akabwera kuno pa holide, mupite naye pa nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria pafupi ndi mlatho, aone mfuti ya Hotchkiss yochokera pa sitima yapanyanja ya Britain yotchedwa Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Germany yotchedwa Hermann von Wissmann, kenako mulowe mu Lake Malawi Museum. Mumufunse kuti pa nkhani za kwawo akudziwapo zingati.

Chenjezo limodzi pofufuza pa intaneti: pali Red Dawn ina ya 2012, ya Chris Hemsworth. Imeneyo anaijambula adani ali a ku China, kenako poopa kutaya msika wa kumeneko anasintha mbendera ndi zizindikiro pa kompyuta kuti akhale a North Korea. Ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa akhoza kuikometsa ndi nthabwala zawo, koma mukaipeza yosamasulira, musaononge bandulo yanu.