Tafunsani: Pemphero, Mapiritsi ndi Banja Latsopano

Makalata a mwezi uno achokera kwa achinyamata amene sanathe zaka ziwiri m'banja. Akuyankha ndi anamwino pamodzi ndi alangizi a mabanja. Mayina tabisa.

*Ndili ndi zaka 24, amuna anga 27. Tisanamange ukwati woyera tinakayezetsa magazi; iwo anapezeka ndi HIV, ine ayi. Anayamba ma ARV pompo, ndipo tsopano patha miyezi 11. Mwezi watha kuchipatala anawauza kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi. Mtsogoleri wa kumene timakapemphera akuti amenewo ndiwo machiritso, ndipo kupitiriza mapiritsi ndi kukayikira Mulungu. Amuna anga ayamba kukopeka. Komanso tikufuna mwana, koma tikuopa kusiya kondomu. Titani? — Mayi wa ku Ndirande*

Mayi, choyamba amuna anu asadumphitse piritsi ngakhale la usiku uno. Zina zonse mukambirana akumwa.

Mawu akuti "kachilombo sikakuoneka" ndi amene asokoneza mabanja ambiri. Makina oyezera viral load amawerenga tizilombo timene tikuyandama m'kadontho ka magazi. Mankhwala akamagwira bwino, tizilombo timachepa mpaka makinawo kulephera kutiwerenga. Koma HIV ili ndi pobisala. Imalowa m'maselo ena a chitetezo cha thupi n'kugona momwemo zaka zambiri, ndipo palibe piritsi limene limafikako. Ntchito ya ma ARV ndi kutseka khomo kuti kachilombo kakadzuka kasaswane. Munthu akasiya kumwa, nthawi zambiri pamangotha masabata awiri kapena anayi tizilombo n'kuyambanso kuoneka m'magazi. Chopusitsa n'chakuti thupi limakhalabe lamphamvu miyezi ingapo, mwina chaka, munthu n'kumachitira umboni kuti anachira, pamene chitetezo chikudyeka pansipansi ngati mzati wa chiswe. Chimadzamudzidzimutsa ndi chifuwa chachikulu kapena matenda oumitsa khosi. Ndipo pa miyezi yonseyo, inu amene mumagona nawo mulibenso chokutetezani.

Palinso vuto la kumwa modukizaduka. Piritsi limene anthu ambiri akulandira m'Malawi kuyambira 2019, lija amalilemba kuti 13A m'buku la kuchipatala, lili ndi mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Ndi lamphamvu ndithu, koma kuyamba, kusiya, n'kuyambiranso kumapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala. Zikatero munthu amasamutsidwira ku ena ovutirapo kumwa.

Mwina amuna anu akuganiza za kusala kudya. Piritsi limeneli limamwedwa ngakhale m'mimba mulibe kanthu, choncho kusala si chifukwa cholisiyira. Ngati kusala kwanu sikulola ngakhale madzi masana, uzani anamwino akuthandizeni kusunthira nthawi yomwera ku madzulo. Popita ku mapemphero a usiku wonse kapena kuphiri, atenge mapiritsi a masikuwo, n'kuonjezera awiri apadera. Akaiwala, amwe pamene akumbukira, koma asamwe awiri nthawi imodzi pofuna kubweza. Chinanso chimene ambiri sauzidwa: mankhwala a kutentha pamtima okhala ndi magnesium kapena aluminium amamanga dolutegravir m'mimba kuti isalowe m'magazi. Amwe ARV maola awiri asanamwe amenewo, kapena patatha maola 6.

Tibwere kwa mtsogoleri wanuyo. Sitikuti musiye kupemphera, ndipo sitikutsutsa kuti Mulungu amachiritsa. Koma chiphunzitso chakuti mankhwala ndi mdani wa chikhulupiriro chilibe poima m'Malemba. Mfumu Hezekiya inapemphera ikulira, Mulungu anamva, komabe mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu zouma pa chithupsa chake. Werengani 2 Mafumu 20. Luka, mnzake wa Paulo, anali sing'anga, ndipo Paulo sanamuuze kuti asiye ntchitoyo. Ngati banja lanu likufuna chochitira umboni, chilipo kale: amuna anu ali ndi thanzi, inu simunatenge kachilombo. Yamikani Mulungu pa chimenecho botolo lili pambali pa bedi.

Muwafunse amuna anu modekha, muli awiri, kuti chikuwakoka n'chiyani. Kawirikawiri si chiphunzitso ayi. Ndi kutopa. Mnyamata wa zaka 27 akamaganiza kuti adzamwa piritsi tsiku lililonse mpaka imfa, mawu akuti "wachira" amamveka ngati madzi ozizira mu Okutobala. Musawanyoze. Pitani limodzi tsiku lokatenga mankhwala, akafunse okha mafunso awo kwa adokotala. Mtsogoleriyo akaumirirabe, kapena akayamba kuwaitana kutsogolo kuti aulule za magazi awo pagulu, dziwani kuti lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu pa nkhaniyi. Malo opempherera ndi ambiri.

Za mwana, nkhani ndi yabwino kuposa mmene mukuganizira. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatenga nawo mbali, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana m'banja ndi 96 peresenti. Kafukufuku wina wotsatira anatsimikiza kuti munthu amene viral load yake ikukhala pansi pa 200 sapatsira mnzake pogonana. Chofunika n'chakuti akhale atamwa mankhwala mokhulupirika miyezi 6 kapena kuposa, zotsatira zikhale zaposachedwa, ndipo apitirize kumwa. Muone nokha chimene chalembedwa m'buku mwawo, musangomva kuti "zili bwino".

Musanasiye kondomu, nonse mukayezetse chindoko ndi matenda ena opatsirana pogonana, inu muyezetsenso HIV. Ngati mtima sukukhazikika, makamaka pano pamene amuna anu akugwedezeka, pemphani PrEP. Ndi piritsi la tsiku ndi tsiku la munthu amene alibe kachilombo. Mumwe masiku 7 musanayambe kulidalira, ndipo muziyezetsa magazi miyezi itatu iliyonse. Kutenga PrEP si kuwakayikira amuna anu, ndipo ndi bwino kuwauza osati kubisa botolo m'chikwama. Mukazindikira kuti anasiya mankhwala mwakachetechete ndipo mwagonana popanda chitetezo, thamangani kuchipatala pasanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu amene wagonana kale mosadziteteza, amene amamwedwa mwezi umodzi. Mukaima, yambani sikelo msanga, ndipo mupitirize kuyezetsa mpaka mwana atasiya kuyamwa, chifukwa mayi akatenga kachilombo ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, mpata wopatsira mwana umakhala waukulu kwambiri.

*Takhala m'banja chaka ndi miyezi iwiri, mimba kulibe. Akazi anga anabayitsa Depo katatu tisanakwatirane, wotsiriza miyezi iwiri ukwati usanachitike. Mayi anga akuti ndinakwatira chumba, azakhali anga ayamba kunong'ona za fisi, ndipo kumpingo akuti pali temberero la kumtundu. Akazi anga amalira usiku uliwonse. — Bambo wa ku Nkhotakota*

Bambo, tiwerenge kaye miyezi, chifukwa achibale anu akuwerenga molakwika. Jakisoni wa Depo amateteza miyezi itatu, koma thupi limachedwa kubwerera mwakale. Amayi ambiri amatenga pakati patatha miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni wotsiriza, ena kupitirira chaka. Depo saumitsa chiberekero, amangochedwetsa. Ndiye kuti pa miyezi 14 yanuyi, mwina theka lokha ndi limene linali ndi mpata weniweni. Achipatala amati pali vuto ngati patha miyezi 12 mukugonana kawirikawiri popanda kulera, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35.

Funso loyamba: kodi msambo unabwerera, ndipo ukubwera motsatana bwino? Akazi anu alembe pa kalendala tsiku loyamba la msambo uliwonse kwa miyezi itatu. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe. Kwa mayi amene amasamba masiku 28 aliwonse, masiku abwino ndi kuyambira la 10 mpaka la 15, kuwerenga kuchokera tsiku loyamba kusamba. Chizindikiro chake ndi chikazi choyera, chotamuka ngati choyera cha dzira laliwisi. Koma kuwerengawerenga kumatopetsa, ndipo kumasandutsa kuchipinda kukhala ganyu. Kukhalira limodzi masiku awiri kapena atatu aliwonse kumakwanira. Tikunena izi podziwa kuti amuna ambiri a kunyanja amatha masabata ali ku usodzi kapena ku geni; ngati mumabwera kunyumba kumapeto kwa mwezi kokha, vuto likhoza kukhala la kalendala basi.

Mukapita kuchipatala, mupite awiri, ndipo inuyo muyambe. Pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, vuto limakhudza mwamuna, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni wakuti mbewu zili bwino. Kuyeza umuna n'kosavuta poyerekeza ndi kuyeza machubu a mayi: mumadziletsa masiku awiri mpaka 7, mumapereka umuna m'kabotolo koyera ka kuchipatala, ndipo uyenera kufika ku labu pasanathe ola limodzi. Zotsatira zikaipa musataye mtima ndi kuyeza kumodzi. Mbewu zimatenga miyezi iwiri ndi theka kuti zikhwime, kotero malungo aakulu amene munadwala miyezi iwiri yapitayo akhoza kuonekera pa zotsatira. Amabwereza pakatha miyezi itatu. Fodya, chamba ndi mowa wambiri zimachepetsa mbewu.

Popeza muli ku Nkhotakota, tchulani likodzo kwa adokotala ngakhale asanakufunseni. Mazira a tizilombo ta likodzo sathera m'chikhodzodzo mokha. Amafika ku khomo la chiberekero, m'machubu ndi m'njira za umuna. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa potengera kulemera kwa thupi. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana amene sanachiritsidwe bwino amatsekanso machubu, ndipo kwa amayi amatha kukhala osaonetsa chizindikiro chilichonse. Akakupatsani mankhwala, mumwe nonse, apo ayi muzingobwezerana. Zitsamba zoika kumaliseche zikaneni. Zimatupitsa ndi kuyambitsa zilonda.

Za fisi yankho ndi ayi, ndipo muyankhe ndinu, osati akazi anu. Ndi njira ya HIV, ndipo ndi chipongwe kwa mkazi amene sanapemphe zimenezo. Mawu a mayi anu nawonso ndi inu woyenera kuwaletsa, mwaulemu, akazi anu palibe: "Amayi, nkhaniyi tili nayo kuchipatala, ndipo vuto likhoza kukhala langa." Mtengwa sangayankhe apongozi ake, mwana wawo angathe. Zikapitirira, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndiyo ntchito yawo. Amene akukamba za temberero, akumbutseni Isake. Anakwatira Rebeka ali ndi zaka 40, ana anabadwa ali ndi 60, ndipo Genesis 25 akuti iye anapempherera mkazi wake. Sanamufunire mlandu. Pakali pano akazi anu ayambe kumwa vitamini wotchedwa folic acid, mamaikrogalamu 400 patsiku, kuti mimba ikadzabwera ipeze thupi lokonzeka.

*Akazi anga ali ndi khunyu kuyambira ali mwana. Anagwa m'tchalitchi, anthu anawazungulira n'kumafuula kuti chiwanda chituluke, wina anawaika supuni m'kamwa. Pano akuchita manyazi kupitanso. Tikufuna kulera kaye chaka chimodzi. — Bambo wa ku Mzuzu*

Khunyu ndi matenda a ubongo. Silipatsirana, ngakhale kudzera m'thovu la m'kamwa. Supuni ija ndi imene ikanawavulaza: imathyola mano ndi kutsamwitsa, ndipo lilime silimezeka. Akagwa, chotsani mabenchi ndi chilichonse chowapweteka, ikani nsalu yopinda pansi pa mutu, musawapanikize, ndipo kugwedezeka kukatha agonekeni chammbali. Musawamwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Yang'anani nthawi pa foni. Kukapitirira mphindi zisanu, kapena akagwanso asanatsitsimuke, pitani nawo kuchipatala. Fotokozerani abusa ndi amayi awiri a chigwirizano zimenezi, kuti tsiku lina adzabalalitse gulu ndi kuwafunditsa chitenje. Kusagona ndi kudumphitsa mankhwala ndi zimene zimadzutsa khunyu kawirikawiri, choncho mapemphero ochezera usiku wonse awapewe, ndipo kunyumba asaphike pa moto kapena kukatunga madzi kuchitsime chosatseka ali okha.

Pa zakulera, onani dzina la mankhwala m'buku mwawo. Carbamazepine ndi phenobarbital amafooketsa mapiritsi olera ndi kachubu ka pamkono, mayi n'kutenga pakati akulera. Lupu ndi jakisoni wa Depo sizisokonezedwa motero. Ngati akumwa sodium valproate, asatenge mimba asanaonane ndi adokotala, chifukwa mankhwalawa amatha kulumalitsa mwana m'mimba, makamaka msana, ndipo kusintha kumafuna miyezi ingapo. Asasiye okha mwadzidzidzi, ngakhale atazindikira kuti aima kale. Kutero kumabweretsa khunyu losalekeza. Chaka chanucho chikamatha, pitani kuchipatala miyezi itatu musanasiye kulera, akaone mankhwalawo ndi kuwayambitsa folic acid wa mamiligalamu asanu.