Kodi Mfumu ya ku Britain imalandira mswahara?

FUNSO: Akonzi, kuno ku Chinamwali tatsutsana pa bawo. Ena akuti Mfumu Charles III imalandira mswahara kuboma monga mafumu athu a Chikowi ndi a Malemia. Zoona zake n'ziti? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Bambo, ndalama zilipo ndithu, koma si mswahara. Mswahara ukalowa m'manja mwa gogo chalo, agwiritsa ntchito momwe afunira. Ku Britain kuli matumba awiri, ndipo ambiri amawasokoneza.

Loyamba ndi Sovereign Grant, lomwe lidalowa m'malo mwa thumba lakale lotchedwa Civil List mu 2012. Gwero lake ndi lakale: mu 1760 Mfumu George III idapereka kuboma phindu la minda ndi nyumba zaufumu, zotchedwa Crown Estate, kuti boma liziipatsa ndalama chaka ndi chaka. Mpaka lero phindulo limapita kuthumba la boma, kenako boma limapatsa nyumba yachifumu gawo lowerengedwa pa phindu la zaka ziwiri zam'mbuyo. Gawolo lidayamba pa 15 peresenti. Mu 2017 lidakwera kufika 25 peresenti pofuna kukonzanso nyumba yachifumu ya Buckingham Palace, ntchito ya zaka khumi ya mapaundi 369 miliyoni. Mu 2024 adalitsitsa kufika 12 peresenti chifukwa phindu lidakula ndi malo a m'nyanja omwe makampani amabwereka kuti apange magetsi a mphepo. Ngakhale adatsitsa chotero, ndalamazo zidachoka pa mapaundi 86.3 miliyoni kufika 132.1 miliyoni m'chaka cha 2025/26.

Izi si zoti Mfumu iike m'thumba mwake. Zimalipira antchito, kukonza nyumba ndi maulendo a ntchito, ndipo a National Audit Office, ofesi younika ndalama za boma, amaunika mabuku ake.

Zogulira zosowa za Mfumu yokha zimachokera m'thumba lachiwiri, Privy Purse, lomwe limadzazidwa ndi phindu la minda ndi nyumba zina zotchedwa Duchy of Lancaster, loposa mapaundi 20 miliyoni pachaka. Lamulo siliikakamiza kukhoma msonkho, koma kuyambira 1993 nyumbayi imakhoma mwakufuna kwake.

Ife tikuona zolakwika ziwiri. Lamulo sililola Sovereign Grant kutsika pansi pa ya chaka chatha, ndiye phindu likagwa, okhoma msonkho ndiwo amakwaniritsa pomwe paperewera. Komanso ndalama za chitetezo cha banja lachifumu sizili m'thumbali. Zimalipidwa padera ndipo boma silizilengeza, choncho chiwerengero chomwe mumamva pawailesi n'chochepa poyerekeza ndi zonse zomwe anthu a ku Britain amalipira.