Mukamaimba kumudzi kuchokera ku America, dziwani izi

Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku America, malangizo a ntchito, nyumba ndi galimoto mumva kwa ambiri kutchalitchi ndi m'magulu athu a WhatsApp. Ine ndikufuna ndikuuzeni za foni imene ili m'thumba mwanuyo, chifukwa nkhani yake sikambidwa kawirikawiri, pomwe ife a achibale kunja imatikhudza kwambiri.

Zigawenga zitaukira dziko lino pa 11 Seputembala 2001, Pulezidenti George W. Bush analola bungwe la akazitape la NSA kuti lizimvera mafoni ndi kuwerenga maimelo olowa ndi otuluka m'dziko popanda chilolezo cha woweruza. Izi zinkachitika ngakhale panali kale lamulo la mu 1978, lotchedwa FISA, lonena kuti boma liziyamba lapempha kukhoti. Nyuzipepala ya New York Times inaulula nkhaniyi mu Disembala 2005. Kenako bambo wina dzina lake Mark Klein, amene ankagwira ntchito yolumikiza mawaya ku kampani ya mafoni ya AT&T, anatulutsa mapepala osonyeza kuti m'nyumba ya kampaniyo pa Folsom Street ku San Francisco munali chipinda chachinsinsi, nambala 641A. Mauthenga a pa intaneti odutsa m'mawaya akuluakulu ankakoperedwa n'kupita m'chipindamo, osasankha kuti uyu ndi chigawenga, uyu ndi namwino wotumiza ndalama kwa amayi ake.

Anthu anasumira makampani a mafoni amene anathandiza boma. Bungwe loteteza ufulu wa anthu pa intaneti la Electronic Frontier Foundation linayamba ndi AT&T mu 2006, ndipo milandu yonse inafika pafupifupi 40. Koma mu Julaye 2008 aphungu a Congress anakhazikitsa lamulo lokhululukira makampani onse amene anathandiza boma, kubwerera mmbuyo mpaka 2001. Ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, mavoti anali 69 kwa 28, ndipo Barack Obama, yemwe panthawiyo anali seneta wopikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, anavomera nawo. Chimene chinkafunika n'chakuti mkulu wa zamalamulo m'boma atsimikizire khoti kuti kampaniyo inapemphedwa ndi boma, basi mlandu watha. Mu 2009 woweruza Vaughn Walker anathetsa milanduyo.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Makampaniwa ali ndi maloya ochuluka, lamulo ankalidziwa bwino. Kukana kunali kotheka, poti kampani ya Qwest inakana itaona kuti palibe chilolezo cha khoti. Ena anavomera, ndipo atagwidwa, lamulo ndi limene linasinthidwa kuti liwakwane. Zili ngati kusungitsa makiyi a nyumba yako kwa mlonda amene umamulipira mwezi ndi mwezi, iye n'kumatsegulira anthu usiku, kenako mfumu n'kugamula kuti mlondayo asafunsidwe kanthu.

Tsono gawo lokhudza ifeyo ndi ili. Lamulo lomwelo la mu 2008 lili ndi ndime yotchedwa Section 702, yolola boma kutsata mauthenga a munthu amene si nzika ya America, alibe green card, ndipo ali kunja kwa dziko lino, popanda kupempha woweruza za munthu aliyense payekha. Makampani amalamulidwa kupereka, ndipo akapereka sasumiridwa. Mchimwene wanu wa ku Lilongwe kapena malume anu a ku Chipata alibe chitetezo chilichonse pamenepo. Sindikunena kuti agogo anu kumudzi akumveredwa, ayi, ambiri mwa abale athu boma lino lilibe nawo ntchito. Koma ngati mmodzi mwa anthu amene mumalankhula nawo ali pamndandanda, kaya ndi wandale, wogwira ntchito yaikulu m'boma kapena wamalonda odutsa malire, mawu anunso amasungidwa limodzi ndi ake. Ndipo FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, ingathe kufufuza dzina lanu m'zosungidwazo popanda chilolezo cha woweruza. Mu Epulo 2024 aphungu ena anayesa kusintha zimenezi, koma mavoti anafanana, 212 kwa 212, kusinthako n'kulephereka, ndimeyo n'kuwonjezeredwa zaka ziwiri.

Akuluakulu amene munakula m'nthawi ya Kamuzu mukukumbukira makalata ofika atatsegulidwa kale, ndi chizolowezi choyamba wayang'ana uku ndi uku usanatchule za boma. Musabwere nawo mantha amenewo kuno. Kudzudzula boma si mlandu, ndipo makhoti amateteza ndithu mbali zina. Mu 2014 khoti lalikulu linagamula kuti wapolisi akakumangani sangafufuze m'foni mwanu popanda chilolezo cha woweruza, ndipo mu 2018 linanena zofananazo pa mbiri ya malo amene foni yanu yakhala ikuyenda. Wapolisi akapempha foni, muli ndi ufulu wonena mwaulemu kuti simukulola.

Pabwalo la ndege ndi nkhani ina. Akuluakulu a m'malire, a CBP, angathe kukupemphani kuti mutsegule foni popanda chilolezo chilichonse. Nzika ya America ikakana siingabwezedwe, ngakhale foniyo ingatsale m'manja mwawo. Wa visa yophunzirira kapena yoyendera akakana angathe kubwezedwa ndi ndege yotsatira. A green card, chonde musasayine fomu ya I-407 yosiya chilolezo chanu chokhalira kuno chifukwa choti mwatopa kapena mwaopsezedwa. Pemphani kuti nkhaniyo ikaonedwe ndi woweruza wa za olowa m'dziko. Musanakwere ndege yobwerera kuchokera kumudzi, onani zimene zili m'foni mwanu, makamaka zithunzi ndi mauthenga otumizidwa m'magulu amene simuwerenga n'komwe.

Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2019 fomu yofunsira visa imafunsa mayina amene mwagwiritsa ntchito pa Facebook, Instagram ndi malo ena otere pa zaka zisanu zapitazo. Lembani onse moona. Kubisa dzina limodzi kungakuvutitseni kuposa zimene munalembapo.

Pa kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, foni wamba ndi SMS zimadutsa m'makina a kampani zili poyera. WhatsApp ndi Signal zimabisa mawu anu kuti ngakhale kampaniyo isawamve, choncho nkhani za ndalama, matenda ndi mapepala anu muzikamba kumeneko. Komabe WhatsApp imadziwa amene mwalankhula naye, nthawi yake ndi kangati, ndipo zimenezo zokha zimaulula zambiri za munthu; Signal imasunga zochepa kwambiri. Ngati mumasunga mauthenga anu a WhatsApp pa Google kapena iCloud, lowani mu settings muyatse zoti nakonso azibisika. Ndipo gulu la anthu 200 si malo achinsinsi, wina aliyense angajambule zimene mwalemba n'kutumiza kwina.

Chomaliza, musatengere munthu amene simukumudziwa bwino laini ya foni m'dzina lanu, ngakhale akhale wa kwanu ndipo akudandaula kuti alibe mapepala okwanira. Zonse zochitika pa nambalayo zimalembedwa pa inu. Muthandizeni kugula laini yolipiriratu, zilipo zambiri m'masitolo ndipo sizifuna mbiri ya ngongole.